Funsani Atsibweni: Mbalame za kuchigwa, tameki ndi lamulo

Mwezi uno thumba la makalata ladzaza ndi nkhani za mbalame, ndipo ambiri achokera kwathu kuchigwa, ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Ine ndinabadwira kufupi ndi Chiromo, pomwe Ruo amathira mu Shire, ndipo zaka zanga zaulangizi wa zaulimi ndinathera ku East Bank, ndikupalasa njinga kuchoka ku Livunzu mpaka ku Muona. Malo amene mukutchulawa ndinawaponda ndi mapazi angawa. Ndasankhapo makalata asanu. Maina ndachotsa dala, chifukwa zina mwa zomwe mwandiuza ndi milandu.

Funso: Atsibweni, ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala chakufupi ndi Makhanga. Chipitireni namondwe wa Freddy munda wathu unakwiririka ndi mchenga, ndiye bambo a kunyumba anayamba kupita kudambo ndi anzawo. Amaviika mpunga mu tameki n'kuuwaza pomwe pamadyera atsekwe ndi abakha a m'madzi, m'mawa n'kukatola zodzaza thumba. Zina timadya, zina amakazinga n'kukagulitsa pamsika. Iwo amati ukachotsa matumbo ndi nthutumba nyamayo ilibe vuto. Koma sabata yatha mwana wathu wamng'ono anasanza usiku wonse, malovu ali chuchuchu. Kodi nyamayi ndi yabwinodi? Nanga ndi mlandu, poti mbalamezi zilibe mwini ndipo kuno si ku Lengwe?

Yankho: Mayi, ndiyambe ndi mwanayo, lamulo libwere pambuyo. Kusanza ndi malovu osalekawo ndi zizindikiro za mankhwala a mtundu wa tameki. Zina ndi thukuta lambiri, kutsekula m'mimba, kunjenjemera, kamwana ka m'diso kuchepa ngati nsonga ya singano, ndi kubanika. Zikadzachitikanso musadikire kuti kuche. Musam'mwetse mkaka kapena mafuta ophikira, musam'pise chala kukhosi. Thamangani naye kuchipatala chapafupi, ngati n'kotheka ku Trinity ku Fatima, ndipo mukanene zoona kuti mwana wadya mbalame yophedwa ndi tameki. Mankhwala olimbana ndi poizoniyu, otchedwa atropine, alipo, koma amathandiza munthu akafika msanga komanso adokotala akadziwa chomwe chalowa m'thupi. Manyazi anu pamaso pa anamwino asaphe mwana.

Zoti ukachotsa matumbo nyama yayera ndi bodza lomwe lafala m'madooko onse. Dzina lenileni la tameki ndi aldicarb, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linamuika m'gulu la mankhwala oopsa kwambiri kuposa ena onse. Mbalame ikameza mpunga uja, poizoni sakhala m'matumbo kudikira mpeni wa amuna anu. Amalowa m'magazi, magaziwo n'kumufikitsa mu mnofu, n'chifukwa chake mbalameyo imagwa isanapite patali. Moto wa pambaula musaudalire kuti umuchotsa. Munthu wamkulu atha kudya n'kungomva chizungulire, n'kumati ndi dzuwa la kuchigwa, koma mwana thupi lake ndi laling'ono, ndipo kachidutswa komwe bambo ake sakukamva iye kamamugwetsa. Kumbukiraninso kuti amene akugula kumsika aja akukadyetsa ana awo osadziwa kanthu.

Tsono za lamulo. Lamulo loyang'anira nyama zakutchire m'dziko muno ndi National Parks and Wildlife Act la 1992, lomwe linakonzedwanso mu 2004 kenako mu 2017. Ambiri amaganiza kuti limathera pa waya wa Majete kapena pa chipata cha Lengwe ndi Mwabvi. Si choncho. M'kati mwa malo otetezedwawo chamoyo chilichonse n'chotetezedwa, ngakhale timba amene. Kunja kwake kuli mndandanda wa nyama ndi mbalame zomwe boma linalengeza kuti ndi zotetezedwa kulikonse komwe zili, ndipo wofuna kusaka mbalame mwalamulo amatenga chiphaso cha mbalame ku dipatimenti ya National Parks and Wildlife. Lamulo lomweli limatchula poizoni, ulimbo, misampha ndi maukonde ngati zida zoletsedwa posaka zotetezedwa. Vuto la mpunga wa tameki ndi loti susankha. Amuna anu akufuna tsekwe, koma chidye mpungawo ndi chilichonse chotera pamenepo, ndipo nkhwazi ikatola bakha wakufayo nayonso imatsatira. Nkhwazi yomwe ili pa chizindikiro cha dziko lathu ija.

Chilango chimatsata gulu la nyamayo. Pa milandu ya pansi chimafika K2,000,000 ndi zaka 4 kundende. Pa zotetezedwa chimafika K5,000,000 ndi zaka 10. Pa zomwe zili pangozi yakutha chimafika K15,000,000 ndi zaka 30, ndipo pa gulu la njovu, chipembere ndi ngaka ndi ndende yokhayokha mpaka zaka 30, popanda mwayi wolipira chindapusa. Awa ndi malire apamwamba, woweruza amayang'ana kukula kwa mlandu, koma khoti lilinso ndi mphamvu yolanda bwato, njinga ndi chilichonse chomwe chinagwira ntchito pa mlanduwo. Banja la kudambo likalandidwa bwato ndiye kuti lathyoka miyendo. Amene amagulitsa tameki m'timapepala topanda chizindikiro pamsika nayenso akuphwanya lamulo la mankhwala ophera tizilombo, lomwe amaliyang'anira a Pesticides Control Board ku Bvumbwe.

Mwati mbalamezi zilibe mwini. Dambo lomwe akuwazamo mpungalo ndi Elephant Marsh. Dzinali linabwera ndi David Livingstone, yemwe podutsa mu 1859 analemba kuti anaonamo njovu pafupifupi 800. Lero mulibe ngakhale imodzi, ndipo anthu a nthawi imeneyo nawonso ankaona ngati sizingathe. Mu 2017 damboli linalembedwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, lachiwiri m'Malawi pambuyo pa nyanja ya Chilwa. Kukula kwake ndi mahekitala oposa 60,000, ndipo limasunga mbalame za m'madzi zoposa 20,000. Madzi omwe mukugwera zotsala za mpunga wa tameki ndi omwewo mukukhala mlamba ndi mphende, ndi omwewo mukumwa ng'ombe, ndi omwewo inu mukuchapiramo.

Ine zimenezi ndinaziona ndi maso m'chaka cha njala cha 2002. Ndinafika pathamanda lina m'mamawa ndikupita kukayendera madimba. Njiwa zinali mbwee m'mphepete mwa madzi, zina zikuphuphabe, mapiko akugunda matope. Chapatali pang'ono panali kakowa atapinda khosi, ndipo pansi pa mtengo panagona galu wa mnyamata woweta mbuzi, thovu lili kukamwa. Mnyamatayo anali atamukumbatira galuyo akulira. Amene anathira mankhwalawo anatola zomwe anatha kunyamula, zotsalazo n'kuzisiyira dzuwa. Kuchokera tsiku limenelo nkhani ya poizoni sindiinyengerera.

Njala yanu sindikuichepetsa. Ndikudziwa zomwe madzi a 2015, a Idai mu 2019, a Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 anachita ku Makhanga. Makolo athu ankadya mbalame za kudambo, ndipo sindikuona cholakwika kuti ana awo azidyako, bola zikhale zololedwa, pa nyengo yake, pa njira yosapha zonse. Ku Chilwa, komwe kafukufuku anapeza kuti mbalame zoposa miliyoni imodzi zinkagwidwa pa chaka, osaka mbalame anapanga magulu awoawo, n'kugwirizana za nyengo yotseka ndi malo oswanirana omwe munthu saloledwa kusakamo. Kwathu kuno kuli Elephant Marsh Association ndi makomiti a zachilengedwe m'midzi, ndipo kumeneko ndi komwe amuna anu angakafunse za chiphaso ndi za ntchito zina za kudambo.

Sindikukutumani kuti mukawamangitse. Yambirani m'nyumba, muwauze zomwe zinachitikira mwana ndipo mukane kuphika nyama imeneyo. Akapanda kumva itanani ankhoswe, chifukwa nkhani yoika moyo wa ana pachiswe ndi ya ankhoswe ndithu. Zikakanika pamenepo pitani kwa anyakwawa. Tameki wotsala asasungidwe m'nyumba momwe muli ana, ndipo asatayidwe m'madzi. Mukam'pereke kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu.

Funso: Atsibweni, ndine mnyamata wa zaka 22 wa kwa Tengani. Kadzidzi analira padenga pathu masiku atatu, kenako mwana wa achemwali anga anamwalira. Ine ndi anzanga tinamugwira kadzidziyo m'denga la tchalitchi chakale, tinamumanga miyendo n'kumuwotcha wamoyo. Mnzanga anajambula n'kuika pa Facebook. Tsopano anthu akuti kadzidziyo anatumidwa ndi agogo ena a m'mudzi mwathu ndipo akufuna kuwathamangitsa. Wina wandiopseza kuti ndimangidwa. Kodi munthu angamangidwe chifukwa cha kadzidzi?

Yankho: Mphwanga, pepani ndi maliro a mwanayo. Mtima wowawa umafuna pogwira, ndipo inu munagwira chomwe chinali pafupi. Koma ndikuuzani mosabisa: zomwe munachitazo ndi nkhanza, ndipo inde, munthu atha kumangidwa. Lamulo la nyama zakutchire lili ndi ndime yoletsa kuzunza nyama iliyonse yakutchire popanda chifukwa, kaya ili m'tchire kaya yagwidwa. Kuwotcha chamoyo chomangidwa miyendo palibe woweruza angakutche kudziteteza. Kanema wa pa Facebook uja ndi umboni womwe munadzilembera nokha, ndipo kufufuta sikuthandiza kwenikweni, poti ena anautenga kale m'mafoni mwawo.

Komabe chomwe chandisowetsa tulo m'kalata yanu ndi agogowo. Lamulo la Witchcraft Act, lomwe lakhalapo kuyambira 1911, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Wolozedwa chala alibe mlandu, mlandu uli ndi wolozayo. Mu Januwale 2016 ku Neno, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi achibale ndi anansi awo mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Zinayamba chimodzimodzi, ndi manong'onong'o pamaliro. Inu amene munayatsa moto woyamba muli ndi udindo wozimitsa wachiwiriwu. Pitani kwa anyakwawa lero, mukanene pamaso pa anthu kuti agogowo musawakhudze, ndipo ngati anyamata ayamba kale kusonkhana usiku, kadziwitseni apolisi. Muwapemphenso achemwali anu akuonetseni buku la kuchipatala la mwanayo. Kuchigwa kuno malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba zimatenga ana ambiri, ndipo mayankho a imfa yotere kawirikawiri amakhala m'bukumo.

Mundilole ndim'nenereko kadzidzi, poti sangadzinenere yekha. Amene amakonda kugona m'madenga a matchalitchi, masukulu ndi nkhokwe ndi woyera nkhope uja, wolira mokuwa ngati nsalu ikung'ambika. Chimamubweretsa pamudzi ndi makoswe. Mmodzi amadya mbewa kapena makoswe atatu kapena anayi usiku umodzi, ndipo akakhala ndi ana amagwira ochuluka kuposa pamenepo. Pansi pomwe amagona mumapeza timibulu ta ubweya ndi mafupa tomwe amalavula. Katsegulenipo kamodzi ndi kamtengo, mupezamo zigaza za makoswe omwe akanakhala m'mapira mwanu. Amalira kwambiri nyengo yofuna mkazi ndi yolera ana. Amatembenuza mutu mpaka kumbuyo chifukwa maso ake sayendayenda ngati athu. Amauluka mwakachetechete chifukwa nthenga zake ndi zofewa m'mphepete, kuti khoswe asamumve. Zonse zomwe timaziopa mwa iye ndi zida zogwirira khoswe. Paja nthano ya makolo imati mbalame zonse zinkaopa nyanga za kadzidzi mpaka timba atazikhudza n'kupeza kuti ndi nthenga chabe. Makolowo ankadziwa.

Mu tchalitchi chija mwina mwatsala ana ake. Kaoneni. Ngati alipo musawagwire ndi manja, dziwitsani a Parks ku Mwabvi, ndi amene ali pafupi nanu.

Funso: Atsibweni, ndimaweta ng'ombe kumadzulo kwa Ngabu. Afisi anandigwirira thole, ndiye mwaukali ndinathira mankhwala m'nyama yotsalayo kuti akabwerera afe. M'mawa mwake sindinapeze fisi, ndinapeza miimba khumi ndi iwiri yakufa. Madzulo kunabwera munthu wachilendo akufuna kugula mitu yake, akuti ndi ya mankhwala a mwayi. Ndibise, ndigulitse, kapena ndikanene?

Yankho: Achimwene, thole ndi chuma, ndipo ku Ngabu munthu amene wataya thole wataya fizi ya mwana. Mkwiyo wanu ndikuumva. Koma mwa njira zitatu mwatchulazo, ziwiri zikukulowetsani m'dzenje lakuya kuposa lomwe mulimo.

Musagulitse. Kupezeka ndi chiwalo cha mbalame yotetezedwa, kuchigulitsa kapena kuchigula, uliwonse ndi mlandu pawokha. Pakali pano muli ndi mlandu wa munthu amene analakwitsa ali wokwiya. Mukalandira ndalama ya mituyo mwasanduka wamalonda, ndipo makhoti athu masiku ano sasekerera amalonda a nyama zakutchire. Mu 2021 khoti ku Lilongwe linagamula Yunhua Lin, nzika ya ku China, kuti akakhale kundende zaka 14 pa milandu yokhudza nyanga za chipembere. Za mwayizo ndi zabodza. Muimba umaona nyama yakufa uli kutali chifukwa maso ake ndi akuthwa, komanso umayang'anira anzake akamatsika. Suwombeza. Ndipo mutu wa muimba wofa ndi poizoni, womwe wina akaupere n'kuufwenkha kapena kuumwa, uli ndi poizoni yemweyo.

Musabisenso. Nyama ija ikadali pamtunda ikupitiriza kupha: agalu a m'mudzi, ankhandwe, ziombankhanga, ndi miimba ina yomwe ikubwera. Miimba ina ya ku Majete ndi ku Liwonde inavekedwa zizindikiro pamapiko ndi timakina tosonyeza komwe ili, choncho ikafa eni kafukufuku amatha kulondola mpaka pamalopo. Ndi bwino akupezeni mutanena kale. Pitani ku ofesi ya Parks ku Lengwe kapena kupolisi ya Ngabu. Pamene mukudikira, phimbani nyamayo ndi minga ndi nthambi kuti china chisaifikire, musaigwire ndi manja, ndipo ana ndi ziweto asayandikire. Ogwira ntchitowo akatenga umboni adzaiwotcha. Sindingakulonjezeni kuti simudzaimbidwa mlandu, koma woweruza amaganizira munthu amene anadzipereka yekha, wavomera kulakwa, ndipo n'koyamba. Ngati mulibe ndalama ya loya, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu ngati inu.

Mwina mukudabwa kuti phokoso lonseli n'lachiyani pa mbalame yonyansa maonekedwe. Muimba wa msana woyera umaikira dzira limodzi pa chaka. Umalifungatira pafupifupi miyezi iwiri, mwana n'kukhala m'chisa miyezi ina inayi. Khumi ndi iwiri yomwe yafa kwanuyo, ngati inali ndi ana m'zisa, anawonso afa ndi njala. Mu 2015 bungwe loona za chilengedwe padziko lonse la IUCN linaika mitundu inayi ya miimba ya mu Africa m'gulu la zotsala pang'ono kutheratu, ndipo choyambitsa chachikulu ndi poizoni. Ku Botswana mu 2019 miimba 537 inafera pa mitembo itatu ya njovu yothiridwa mankhwala. Ku Majete, komwe bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2003 ndipo mikango inabwezeretsedwa mu 2012, miimba yayambanso kuoneka bwino, koma sidziwa waya. Imauluka mtunda wautali tsiku limodzi, n'chifukwa chake inafika pa thole lanu.

Inu oweta ndi amene muyenera kuilira kwambiri. M'mimba mwa muimba muli asidi wamphamvu yemwe amapha tizilombo ta matenda ambiri, ndipo gulu la miimba limamaliza nyama yakufa isanawole n'kufalitsa matenda. Ku India miimba itatsala pang'ono kutha ndi mankhwala a ng'ombe otchedwa diclofenac, omwe anadzaletsedwa mu 2006, mitembo ya ng'ombe inkangowola pamtunda, agalu osowa mwini anachuluka, chiwewe n'kukula.

Za afisiwo, lamulo limazindikira kuti munthu ateteze moyo ndi chuma chake, koma limafuna kuti nkhani ya chilombo chovuta ikanenedwe kwa a Parks, ndipo poizoni salowamo. Fisi amalowa pomwe khola lafooka. Mitengo yolimba yothithikana, minga kunja kwake, matole kugona m'kati mwenimweni, galu ndi tochi, zimenezi zapulumutsa ng'ombe zambiri kuposa botolo la mankhwala.

Funso: Atsibweni, ndine mphunzitsi wa pulayimale kufupi ndi Nchalo. Ana anga ambiri amabwera ndi malegeni m'matumba, ena amatchera ulimbo. Loweruka ndimawaona pamsewu akugulitsa mbalame zamoyo zomangidwa pachingwe, zina atazithyola mapiko kuti zisathawe. Makolo akuti ana akuteteza mapira. Kodi anawa angamangidwe? Ndiwathandize bwanji?

Yankho: Aphunzitsi, zikomo pofunsa m'malo mongokwapula. Inenso ndili mwana ndinaphika ulimbo, ndinatchera pa nthambi za m'mbali mwa Ruo, ndipo palibe wamkulu anandiuzapo kuti kambalame kokodwa kaja kakumva ululu. Ndinadzazindikira ndekha mochedwa.

M'malamulo athu mwana wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu. Wopitirira pamenepo nkhani yake imayenda motsata Child Care, Protection and Justice Act la 2010, lomwe limakonda kuti mwana alangizidwe ndi kukonzedwa kunja kwa ndende. Choncho musawaopseze ndi maunyolo. Wamkulu amene akuwatuma kapena kuwagula mbalamezo ndiye ali pangozi yeniyeni.

Makolowo akunena zoona mbali imodzi. Timbalame ta milomo yofiira tija timabwera ngati mtambo, tomwe alangizi amatitcha kwelea, tingathe kumaliza munda wa mapira kapena mpunga masiku ochepa, ndipo sitili pangozi yakutha. Kukhala pachilindo, kuwinga ndi zitini, zingwe ndi mapepala owala, palibe lamulo loletsa. Tikachuluka mopitirira, kanenani ku ofesi ya zaulimi komwe tikugona. Koma mbalame zili pachingwe pamsewu paja kaziyang'anitsitseni. Mupezapo zodya tizilombo, zomwe sizinakhudzepo ngala ya mapira chibadwire, zina zochita kufukulidwa m'mauna a m'gombe la Shire momwe zimaswera. Zimenezo ndi zomwe zimadya ziwala ndi mbozi m'thonje la makolo omwewo.

Kuthyola phiko la mbalame yamoyo n'kuiimika padzuwa la ku Nchalo tsiku lonse ndi nkhanza yomwe lamulo limaletsa, kaya mbalameyo ndi yotetezedwa kaya ayi. Pa zoweta ndi zosungidwa palinso lamulo lina, Protection of Animals Act, ndipo limakhudza ngakhale nkhuku zomwe timazipachika chadodolido pa handulo ya njinga kuchoka ku Bereu mpaka kumsika, mitu ikukhula sipoko. Dengu kapena chitatanga sichidula.

Chomwe ndinaona chikugwira ntchito ndi kalabu ya zachilengedwe pasukulu. A Wildlife and Environmental Society of Malawi akhala akuthandiza makalabu otere kwa zaka zambiri. Mwana wodziwa kulasa ndi legeni ndi amene amadziwa chisa chilichonse m'deralo ndi kulira kwa mbalame iliyonse. M'patseni kope, akhale iye wowerenga mbalame za pasukulupo ndi wophunzitsa anzake maina ake m'Chimang'anja ndi m'Chisena, agogo ake akadali moyo kuti amuuze. Lengwe ali pakhomo panu, konzani ulendo ndi anawo.

Funso: Atsibweni, ndinagula chinkhwe kwa mnyamata wina pa Dyeratu, ndikufuna kupita nacho ku Johannesburg komwe ndimagwira ntchito. Sichikudya bwino. Pakufunika kalata yanji?

Yankho: Achimwene, ulendo umenewo usiyeni. Kusunga mbalame yakutchire pakhomo kumafuna chiphaso cha dipatimenti ya National Parks and Wildlife, ndipo kuidutsitsa malire kumafuna chilolezo cha CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire, ndi kalata ya dokotala wa ziweto. Mbalame yogulidwa pamsewu, yosadziwika komwe inachokera, makalata amenewo siingapeze, ndipo mukapezeka nayo pa Mwanza kapena pa Beitbridge mudzayankha mlandu wozembetsa. Zinkhwe zimaswera m'mphako, ndipo ozigwira kawirikawiri amadula mtengo kapena kung'amba mphakoyo kuti atenge ana, chisa n'kutheratu. Ku Liwonde, Dr Tiwonge Mzumara-Gawa anafufuza za tizinkhwe tating'ono ta m'nkhalango za tsanya n'kuonetsa momwe tikufera pa zithaphwi zothiridwa poizoni. Mitundu imeneyi ili kale pampanipani, ndipo aliyense wogula pamsewu akutuma mnyamata uja kuti abwererenso kutchire.

Chinkhwe chanucho mwina n'chaching'ono kwambiri, kapena chili ndi mantha. Chiikeni m'katoni yoboola timabowo, pamthunzi, pamalo opanda phokoso, kutali ndi mphaka ndi utsi wa kukhitchini. Ikanimo madzi oyera m'kambale kosaya, mapira kapena mpendadzuwa, ndi kachidutswa ka papaya kapena nthochi. Musachipatse mapeyala, mchere kapena nsima ya ndiwo, ndipo musachitsegule mlomo mokakamiza. Musachiulutsenso nokha, chifukwa choleredwa m'manja sichidziwa kudzifunira chakudya. Mawa m'mawa pitani nacho ku ofesi ya Parks ku Lengwe, mukafotokoze momwe munachipezera. Iwo amagwira ntchito ndi a Lilongwe Wildlife Centre, komwe kuli madokotala a nyama zakutchire ndi malo osungira zopulumutsidwa mpaka zitakhwima. Popita muchinyamule m'katoni momwemo, ndipo mu minibasi musachiike pafupi ndi injini.